Mumatsegula pulogalamu iti mukangokhala pansi kuyamba ntchito?

Mphenzi:
Moni nonse. Ndili ndi funso kwa olemba mapulogalamu komanso odizaina. Mng'ono wanga wangomaliza kumene maphunziro a zamakompyuta ndipo wapeza laputopu yakale ya RAM ya 8GB. Akufuna kuyamba maganyu a mawebusaiti ndi ma logo, ndiye akundifunsa kuti aikemo chiyani. Ine zanga ndikuzidziwa, koma ndi za mbali imodzi yokha. Ndikufuna ndimve kwa inu eni ake: mukafika pantchito m'mawa mumatsegula chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani chimenecho? Musandiuze zotchuka pa YouTube ayi, mundiuze zimene zimakudyetsani.

Tsabola:
Zikomo achimwene pofunsa. Kwa ine ndi zitatu basi: VS Code yolembera code, terminal (kawindo kolembamo malamulo opita kwa kompyuta) ndi browser. VS Code ndi yaulere, Microsoft anaitulutsa mu 2015, ndipo maphunziro ambiri amene mng'ono wanuyo angapeze pa intaneti amaonetsa imeneyi. Pa 8GB iyenda bwinobwino, bola asadzazemo ma extension, tizida toonjezera tija. Ine ndimangosunga Prettier yosalaza maonekedwe a code, ESLint yoloza zolakwika mu code, ndi ina ya chilankhulo cha PHP poti ntchito zanga zambiri ndi za Laravel, framework (maziko okonzedwa kale omangirapo mawebusaiti) ya PHP. Extension iliyonse imadya memory, ndiye aziika yokhayo imene akudziwa ntchito yake.

WakuLimbe:
Mwayamba kale za ma code inu. Tidikireni ife osindikiza tilankhuleko kaye. Chimene ndimatsegula ndisanamwe ndi tiyi yemwe ndi CorelDRAW, pulogalamu yojambulira. Makadi aukwati, mapulogalamu a maliro, makalendala a mipingo, zikwangwani za sukulu zamkaka, matisheti a magulu a amayi, zonsezo zimadutsa mu Corel. Ndi ya ku Canada, inatuluka mu 1989, ndipo m'malo ambiri osindikizira amene ndalowamo kuno ndi imene mumaipeza pa kompyuta yolumikizidwa ku makina. Ngati mnyamatayo akufuna kudya ndalama za ma logo ndi zikwangwani aphunzire kuigwira, ngakhale azijambulira kwina.

Nyenyezi_UI:
A WakuLimbe sindikutsutsa, koma zanuzo ndi za papepala ndi pansalu. Funso lakhudzanso mawebusaiti, ndipo kumeneko Figma, yojambulira masikirini a mawebusaiti ndi ma app, ndiye mwini bwalo. Chimene ndimaikondera n'choti kasitomala safunika kuika chilichonse pa kompyuta yake. Ndimangomutumizira link, amatsegula pa browser, amadina batani n'kuona mmene app idzayendere isanalembedwe ndi mzere umodzi womwe. Akafuna kusintha amasiya ndemanga pamalo penipenipo, osati kundiimbira foni kuti "paja pakona paja pakhale pofiirirako". Wolemba code naye amalowa momwemo n'kutenga miyeso ndi mitundu yekha. Kale tinkatumizirana zithunzi zambirimbiri pa WhatsApp, osadziwanso kuti chatsopano ndi chiti.

WakuLimbe:
Nanga netiweki ikathawa achemwali, mumatani?

Nyenyezi_UI:
Apo ndiye pali bala lake, sindingabise. Ngati fayilo inali yotsegula kale umatha kupitiriza pang'ono, zimadzalumikizana netiweki ikabwera. Koma kutsegula fayilo ina popanda intaneti, ayi. Ndiye ndimakonza ntchito motengera zimenezo: ndikakhala pamalo a netiweki yabwino ndimapanga zofuna Figma, zina ndimayamba papepala ndi pensulo. Kope ndi pensulo ndi zida zanga za tsiku ndi tsiku, musaziiwale pamndandanda.

Mkulu_wa_Vim:
Funso la a WakuLimbe lija ndiye mutu weniweni wa nkhaniyi, ndipo ndikufuna ndikhalepo kanthawi.

Ambiri mwa mapulogalamu amenewa anapangidwa ndi anthu amene saganiza n'komwe za magetsi kapena bandulo. Kwa iwo intaneti imangokhalapo. Ife kuno tiyenera kufunsa mafunso atatu tisanaike chinthu pa makina: kodi chigwira ntchito magetsi ndi netiweki zikapita? Kodi chimadya bandulo yochuluka bwanji ine osadziwa? Kodi ndingakwanitse kulipira mwezi ndi mwezi m'madola? Mukukumbukira mu Januwale 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko linataya pafupifupi 130 MW ndipo magetsi ankazima maola ambirimbiri kwa nthawi yaitali. Amene anapitiriza kupereka ntchito kwa makasitomala nthawi imeneyo ndi amene zida zawo zinkayenda pa batire ya laputopu popanda kupempha chilolezo ku seva yakunja.

N'chifukwa chake chida changa choyamba ndi Git, yosunga mbiri ya zonse zimene wasintha mu code. Linus Torvalds anailemba mu 2005, ndipo anaikonza moti mbiri yonse ya ntchito imakhala pa kompyuta yako. Ukhoza kupanga commit (kusunga zimene wasintha), kutsegula branch (nthambi yoyesererapo zatsopano), kubwerera kumene unali dzulo, zonsezo uli kumudzi kopanda netiweki. Ukapeza intaneti ndi pamene umakankhira ku GitHub, webusaiti yosungirako code. Mng'ono wanuyo aphunzire Git sabata yoyamba, asanaphunzire framework iliyonse. Ndipo kuyambira mu 2019 ma repository (mafoda a project a mu Git) achinsinsi ndi aulere pa GitHub, ndiye palibe chifukwa chosungira ntchito ya kasitomala pa fulashi yokha.

Chachiwiri ndi Vim, yolembera code mu terminal momwemo. Ndikudziwa achinyamata mumaiopa. Koma tsiku limene mudzalowe mu seva kudzera pa SSH (njira yolowera mu kompyuta yakutali) netiweki ikukoka miyendo, mudzaiyamikira. Ndipo ili ndi mbiri imene imandikhudza mtima. Bram Moolenaar, wa ku Netherlands, anaitulutsa mu 1991 ndipo sankagulitsa. Ankapempha ogwiritsa ntchito kuti ngati aikonda athandize ana ovutika a ku Kibaale ku Uganda, ndipo uthenga umenewu unkaoneka ukangoitsegula. Anamwalira mu Ogasiti 2023. Munthu anagwira ntchito zaka zoposa makumi atatu, malipiro ake n'kuwalozera kwa ana a kuno ku Africa.

Tsabola:
Akulu mwalankhula. Za Uganda sindinkazidziwa. Koma kwa woyamba kumene ndikanati ayambe ndi VS Code, Vim adziwe kungotsegula fayilo, kusintha mzere, kusunga ndi kutuluka. Zinazo zibwera ndi nthawi.

Mkulu_wa_Vim:
Ndavomera. Adziwe zimenezo, zikwanira chaka choyamba.

Kambalame:
Ndiwonjezereko pa nkhani ya bandulo, poti ine ndimapanga ma app a Android ndi Flutter ndipo mbali yathu ndi imene imameza kwambiri. Android Studio, pulogalamu yopangira ma app amenewa, pamodzi ndi emulator (foni yongoyerekeza ya pa kompyuta) pa laputopu ya 8GB ndi katundu wolemera. Njira yanga ndi iyi: code ndimalembera mu VS Code, emulator sindiyatsa, ndimalumikiza foni yeniyeni ndi chingwe cha USB. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa scrcpy kamene kamaonetsa sikirini ya foniyo pa kompyuta, n'kumaiyendetsa ndi mouse. Kameneka ndimakatsegula tsiku lililonse.

Ndipo foni yoyesererayo isakhale yapamwamba. Ndili ndi itel yakale, galasi lake linang'aluka pakona, ndi imene imandiuza zoona. App ikayenda bwino pa imeneyo ndiye kuti iyenda kwa mayi wogulitsa tomato amene tikumupangirayo. Ukayeserera pa foni yodula yokha umadzinamiza.

Pa Windows auzeni atchere netiweki ya hotspot kukhala metered connection, kutanthauza ya bandulo yowerengeka, apo ayi ma update adya bandulo usiku iye ali mtulo. Gradle, imene imamanga app ya Android kuchokera mu code, nayo ili ndi offline mode, zinthu zikangotsika koyamba.

Tsabola:
Kwa ife a JavaScript, pnpm m'malo mwa npm potsitsa ma package (code yolembedwa kale ndi ena). Imasunga package iliyonse kamodzi pa kompyuta, ma project onse n'kumatenga pamenepo, osatsitsanso zomwezomwezo. Komanso DevDocs ndi Zeal: umatsitsa malangizo a PHP, JavaScript, CSS ndi zina kamodzi, n'kumawerenga popanda intaneti. Magetsi akazima ine ndimapitiriza ndi zimenezi.

Mai_wa_Mitundu:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilowepo pa funso lachitatu la a Mkulu_wa_Vim, la ndalama. Ine ndinaphunzira ntchito pa Photoshop ndi Illustrator, ndipo kunena zoona manja anga anazolowera kumeneko. Koma kuyambira mu 2013 Adobe, mwini wake wa ziwirizi, anasiya kugulitsa mapulogalamu ake kamodzi n'kamodzi, CS6 ndiyo inali yomaliza yogula n'kukhala yako. Pano ndi kulipira mwezi ndi mwezi, m'ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti mtengo wa chida unakwera tsiku limodzi, pomwe kasitomala akufunabe logo pamtengo wakale. Onjezanipo vuto lopeza ndalama zakunja pa kadi. Kulipira pamwezi kuli ngati kulima ndi khasu lobwereka, mwezi umene walephera kulipira munda waima.

Ndiye kwa woyamba kumene ndinganene izi. Ma logo ayambire mu Inkscape, ndi yaulere ndipo imasunga mu SVG, fayilo imene imalowa pa webusaiti mwachindunji. Zithunzi akonzere mu GIMP, imene inatulutsa 3.0 mu Malichi 2025. Kasitomala akamutumizira fayilo ya PSD (ya Photoshop), atsegule Photopea pa browser, imatsegula ma layer onse ndipo maonekedwe ake ndi ofanana kwambiri ndi Photoshop. Akayamba kupeza makasitomala olipira bwino adzasankha yekha ngati n'koyenera kulipira Adobe.

Chiphaliwali:
Tinene zoona pa gulu pano, ambiri amangoika za crack, zothyoledwa kuti ziziyenda osalipira. Bwanji tikuzemba?

Mai_wa_Mitundu:
Sitikuzemba achimwene, zilipodi ndipo tonse timaziona. Koma ine sindingamulangize mwana woyamba ntchito kuti ayambire pamenepo. Kuti uike za crack umayamba wazimitsa antivirus, ndiye kuti watsegulira chitseko chinthu chimene sukuchidziwa, pa makina omwewo amene muli ma password a mawebusaiti a makasitomala ndi mafayilo awo. Ndinaona mnzanga wina atataya ntchito zonse za nyengo ya maukwati, mafayilo atatsekedwa ndi virus yofuna dipo. Analira ngati pamaliro. Komanso ukadzafuna ntchito ku bungwe lalikulu kapena kwa kasitomala wakunja, nkhani ya chilolezo imafunsidwa.

Mkulu_wa_Vim:
Ndipo kale tinkati tilibe pogwira. Lero zaulere zakula, zikugwira ntchito yeniyeni. Blender ndi yaulere koma anthu akupangira makanema athunthu.

WakuLimbe:
Amayi mwanena zabwino, koma ndichenjezeko pa GIMP ndi Inkscape, poti zikafika kwa ine ndi pamene zimaonekera. Sikirini imaonetsa mitundu ya RGB, makina athu amasindikiza ndi inki zinayi za CMYK. Buluu wowala uja mumamuona pa laputopu amatuluka wozimirira, nthawi zina wopita ku pepo, kasitomala n'kumakalipira ine. Amene akufuna zaulere pa ntchito yosindikiza aphunzirenso Scribus, imeneyo imatulutsa PDF ya CMYK.

Ndipo pali zinthu zitatu zimene ndimapempha aliyense wobweretsa fayilo, kaya wajambulira kuti. Choyamba, asandutse zilembo kukhala ma curve (zojambula zosadalira font), mu Corel ndi Ctrl+Q, mu Illustrator ndi Create Outlines, mu Inkscape ndi Object to Path. Akapanda kutero, font yake ngati ilibe pa kompyuta yanga imalowedwa m'malo ndi ina, dzina la mkwati n'kudumphira mzere wina. Chachiwiri, asiye bleed ya mamilimita atatu m'mbali monse kuti mpeni ukadula pasatsale kamzere koyera. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chimandipweteka mutu tsiku ndi tsiku: asatumize pa WhatsApp ngati chithunzi. WhatsApp imafinya chithunzi. Munthu amabwera ndi logo ya mpingo imene yadutsa m'mafoni asanu, ikuoneka timabokosi tokhatokha, akufuna ikhale pa chikwangwani cha mamita atatu mawa m'mawa. Ndimakhala pansi kuijambulanso kuyambira pachiyambi, mtanda, nkhunda, zilembo zozungulira, zonse. Atumize ngati Document, zimafika momwe zilili.

Nyenyezi_UI:
Izi ndazisunga. Nanga za Canva zikamabwera kwa inu zimakhala bwanji? Makasitomala anga ambiri ayamba kudzipangira okha ma poster kumeneko.

WakuLimbe:
Zimabwera zambiri, makamaka za mipingo ndi za zinkhoswe. Sindidana nazo. Ndimangowauza kuti potsitsa asankhe PDF Print ndipo achonge pa crop marks and bleed. Akatero ntchito imayenda.

Mai_wa_Mitundu:
Canva ndimaigwiritsa ntchito njira ina. Ndikamupangira kasitomala logo ndi mitundu yake, ndimamukonzeranso ma template angapo mu Canva kuti azisintha yekha mitengo ndi masiku pa Facebook. Iye amasangalala, ine sindidzutsidwa usiku chifukwa cha kusintha tsiku la msonkhano. Kampaniyi ndi ya ku Australia, inayamba mu 2013, ndipo mu 2024 inagula Affinity, mapulogalamu ojambulira amene ambiri tinkawaona ngati pothawira Adobe. Odizaina tiziyang'ana kumeneko.

WakuChipata:
Moni abale, ine ndili mbali ya kuno ku Zambia koma mavuto ndi amodzimodzi, magetsi athu anavutanso kwambiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Ndikufuna nditchule zida zimene sizimveka pa YouTube koma zikudyetsa anthu ambiri m'maiko athu. Ntchito zambiri za olemba mapulogalamu kuno zimachokera ku mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi. Kumeneko mudzakumana ndi KoboToolbox ndi ODK zotolera mayankho m'midzi pa foni popanda netiweki, komanso DHIS2 yosungira ziwerengero za zaumoyo, imene inapangidwa ku University of Oslo ndipo maunduna a zaumoyo a Malawi ndi Zambia amaigwiritsa ntchito. Fomu ya Kobo kapena ODK umatha kuilemba mu Excel. Choncho Excel asaipeputse. Ine ndimaitsegula kuposa china chilichonse, pamodzi ndi DBeaver yoonera ma database.

Tsabola:
DBeaver ndi yabwino zedi, imodzi yomweyo MySQL, PostgreSQL ndi SQLite. Poyesa ma API (njira zimene mapulogalamu amalankhulirana) ndinachoka ku Postman n'kusamukira ku Bruno. Postman ndi yamphamvu, koma mu 2023 anachotsa Scratch Pad, mbali yogwira ntchito popanda akaunti, ndipo zambiri zinayamba kudalira akaunti ndi intaneti. Bruno imasunga ma request ngati mafayilo wamba mu foda ya project, ndiye amalowa mu Git limodzi ndi code. Ndikamalumikiza malipiro a Airtel Money kapena TNM Mpamba, mnzanga akangokoka project amapeza ma request onse ali momwemo. Ma key achinsinsi okha ndi amene sitiika mu Git.

Chiphaliwali:
Palibe amene watchula AI. Ine ChatGPT ndi Copilot ndimatsegula tsiku lililonse, ndipo sindichita nazo manyazi.

Kambalame:
Nanenso ndimagwiritsa ntchito, makamaka pofuna kumvetsa uthenga wa error wautali. Koma kwa woyamba kumene ndili ndi nkhawa. Akazolowera kukopera code imene sakuimvetsa, tsiku limene zidzaonongeke kwa kasitomala netiweki kulibe adzangogwira m'mutu. Azifunsa kuti imufotokozere chifukwa chake, kenako alembe yekha.

Mkulu_wa_Vim:
Ndi zimenezo. Ndipo asamaike mmenemo ma password kapena mayina a odwala ndi makasitomala. Zimenezo si zake.

Nyenyezi_UI:
Ndibwerere pang'ono ku mawebusaiti. Chida china chimene anthu amaiwala chili kale mu Chrome ndi Firefox: DevTools. Dinani F12, pitani pa Network, chepetsani liwiro kukhala la 3G, ndiye mutsegule webusaiti yanuyo. Mudzaona zimene munthu wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje amaona. Nthawi zambiri wolakwa ndi chithunzi chachikulu chimene chaikidwa momwe chinachokera mu kamera, ma MB asanu chimodzi. Ndimachidutsitsa mu Squoosh, n'kuchisandutsa WebP, chimatsika kwambiri koma diso osaona kusiyana. Bandulo imene timapulumutsa pamenepo ndi ya mlendo wa webusaitiyo, ndipo iye ndi amene amatseka tsamba likachedwa.

Mai_wa_Mitundu:
Ndipo posankha font, yesani kaye chilembo cha ŵ. Ma font ambiri okongola alibe, ndiye kasitomala akafuna kuti palembedwe Malaŵi ndi kadenga kake, pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha font ina. Pa Google Fonts mutha kulemba mawu anu m'bokosi loyeserera musanatsitse. A banja la Noto ali nacho. Mu Word mukalemba 0175 n'kudina Alt+X chimatuluka.

WakuLimbe:
Ichi ndiye chandithandiza ine. Mabuku a nyimbo ndi mapulogalamu a maliro a achikulire amachifuna kawirikawiri, makamaka akumpoto polemba Chitumbuka, ndipo ndakhala ndikuchijambula pamanja kadengako.

Mphenzi:
Abale mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndimayembekezera, zikomo kwambiri nonse. Funso limodzi lotsala kwa a Nyenyezi_UI: palibe chofanana ndi Figma chimene gulu lingaike pa seva yakeyake mu ofesi? Kuntchito kwathu tili anthu angapo pa netiweki imodzi ya mkati.

Nyenyezi_UI:
Ilipo, Penpot. Ndi ya ku Spain, code yake ndi yotseguka, ndipo mukhoza kuiika pa kompyuta ya mu ofesi ndi Docker (chida choyendetsera mapulogalamu opakiridwa kale m'mafayilo otchedwa ma image), aliyense n'kumalowa pa browser kudzera pa netiweki ya mkatiyo. Anthu ambiri anayamba kuiyang'ana mu 2022 Adobe atalengeza zogula Figma pa madola 20 biliyoni, ngakhale malondawo anadzalephereka mu Disembala 2023. Siinafike pa Figma pa ma plugin, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya masikirini ndi ma prototype imakwana.

Tsabola:
Kungoti ma image a Docker ndi akuluakulu, mutsitse pa bandulo ya usiku kapena pa intaneti ya ofesi. Mukatsitsa pa makina amodzi, docker save imawasunga mu fayilo, mumanyamula pa fulashi, kwinako docker load. Mukafuna Loweruka masana ndikhoza kulowa pa foni tiikire limodzi, mungondiuza RAM ya kompyuta imene mukufuna ikhale sevayo.

Mphenzi:
Ndi ya 16GB, ili ndi Ubuntu, ndipo ili pa inverter. Loweruka 2 koloko zitheka?

Tsabola:
Zitheka. Muikiretu Docker ndi Docker Compose, ndipo mufunse a IT akupatseni IP yosasintha ya makinawo.